Kapiritsi ka Apongozi Anga

Ndinakwatiwa chitengwa m'mudzi wina kumtunda kwa Mlangeni, kumene mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala. Amuna anga anapita ku Joni mwana wathu wachiwiri akukwawa, kutsata njira imene bambo awo anayenda kalekale, ndipo amabwera kumudzi pa Khirisimasi zinthu zikayenda bwino. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanafike pakhomopo. Alamu anga aakazi onse ali kumabanja kwawo. Choncho wophikira madala, wowachapira ndi wowatenthetsera madzi osamba ndinali ine.

Apongozi anga ndi munthu wamtali, wa mawu ochokera pachifuwa. Unyamata wawo wonse anauthera m'migodi, ndipo mpaka lero akakwiya amakalipira mbuzi m'chinenero cha kumgodi chimene pamudzi amachimva ndi okalamba anzawo okha. Ine ndi iwo sitinkayankhulana titaima tonse. Ndikafuna kunena kanthu ndinkagwada chapatali, maso pansi, iwo n'kumayankha akuyang'ana kwina. Amanditchula kuti mayi, ine n'kumati bambo. Ulemu umenewu ndinkaukonda, mpaka pamene unandimanga pakamwa nthawi imene ndinkafunika kukalipa.

Matenda anayamba chaka china titangokolola chimanga. Choyamba anayamba kusiya patapata m'njira. Ankafika pakhomo phazi limodzi lili losavala, n'kumati sanamve kuti yavuka. Kenako m'miyendo munatuluka timadontho tofiirira, tina n'kusanduka zilonda zosapola. Thupi linkatentha madzulo aliwonse, chakudya ankangochigwira pamwamba, ndipo jekete lawo la kutchalitchi linayamba kuwalendewera m'mapewa. Kuchipatala chathu chaching'ono anawayeza malungo, sanapezeke. Ku boma anawayeza chifuwa chachikulu ndi kachilombo, zonse ayi. Pamudzi anthu anali atayamba kale kunong'onezana za amene akanatchera madala m'njira ya kudimba. Pamapeto pake anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, kumene anadula kachikopa pamwendo n'kukakayeza.

Dokotala amene anatiuza zotsatira anali mayi wamsinkhu ngati wanga. Anati ndi matenda osowa, oti iye mwini wawaona mwa anthu ochepa chabe. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, asokonezeka n'kuyamba kumenya mitsempha ya magazi ya mwiniwake. Mitsemphayo ikatupa, magazi safika bwino kumapazi, pakhungu, ngakhale ku impso.

"Ndiye palibe amene wanditchera?" anafunsa apongozi.

"Palibe, bambo. Ndi thupi lanu lomwe."

Ndinaona kuti yankho limeneli silinawasangalatse. Iwo akanakonda mdani woti ali ndi mudzi ndi khomo.

Anawapatsa mankhwala a mitundu iwiri, koma amene anandikalambitsa ine ndi timapiritsi toyera totchedwa puledinisoloni. Poyamba ankamwa tambiri, todzaza pakati pa chikhatho, m'mawa uliwonse atadya phala. Dokotala ananena momveka, n'kubwerezanso, kuti kuchulukaku ndi kwa kanthawi. Matenda akagonja adzayamba kuchepetsa pang'onopang'ono mpaka kutsale kamodzi patsiku, ndipo kamodziko sikadzasiyidwa popanda iye kunena. Anawonjezera kuti achepetse mchere ndi shuga. Apongozi anavomera ndi mutu. Pa zonse zimene zinanenedwa m'chipinda chija, iwo anatengapo mawu amodzi okha, akuti tambiri.

Masiku ochepa chabe, munthu uja anadzuka. Sindikunena kuti anangopezako bwino, ayi. Anadzuka ngati wabwezeredwa zaka zimene anasiya pansi pa nthaka ku Joni. Zilonda zinauma. Kunabwera njala imene sindinaionepo: phala m'mawa, kachewere wophika dzuwa lisanakwere, chakudya cha masana, kenako uthenga wofunsa ngati mumphika mwatsala kanthu. Ndiwo ndikaphika za mchere wochepa monga ananenera dokotala, ankapita nazo kuchipinda n'kutuluka mbale ili yoyera, ndipo mchere wanga m'khitchini unkatha mosadziwika bwino. Nkhope inazungulira, masaya anatukuka, amayi a kutchalitchi n'kumandiyamikira kuti ndikusamala bwino madala.

Kusanache bwino khasu linkakhala litayamba kale kumveka kuseri kwa nyumba. Anagwetsa khola la mbuzi limene linalibe vuto lililonse, ati amange lina labwinopo, mbuzi n'kugona m'khitchini mwanga milungu ingapo. Khola lisanathe anayamba kukumba dzenje la chimbudzi chatsopano. Dzenje lisanathe anadulira mitengo yonse ya mapichesi, mapichesi ali maluwa. Mtima nawonso unafupika: nkhuku ikangodutsa pakhonde, mudzi wonse unkamva. Potsegula chiliza cha msuweni wawo anatenga chishango ndi chibonga n'kulowa m'bwalo kuvina ngoma pakati pa anyamata, fumbi kuti koboo, akuimba mawu achingoni amene enafe timangowatsatira osadziwa tanthauzo lake. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinkangoyang'ana mapazi aja, amene ndinkadziwa kuti samva bwino pansi. Tsiku lina anandiitana, ndinagwada, n'kundifunsa ngati mayi wamasiye wa kutsidya uja ndimamuona kuti ndi munthu wakhalidwe. Ndinati sindimudziwa bwino.

Mwezi uliwonse tinkapita ku boma kukatenga mankhwala, ndipo mwa apo ndi apo ku Blantyre kukaonana ndi dokotala. Ulendo uliwonse timapiritsi tinkachepa. Ine ndinkasangalala chamumtima, chifukwa pakhomo panayamba kubwerera bata. Tsiku limene tinafika pa kamodzi, apongozi anakaika pachikhatho pamaso pa dokotala n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, kameneka n'ka munthu kapena ka nkhuku?"

"N'kokwanira, bambo. Matenda agona. Kameneka ntchito yake n'kuti asadzuke."

"Aja oyamba aja ndiye ankandigwira bwino. Ndinkalima."

"Aja mukapitiriza adzakubweretserani shuga. Magazi adzayamba kuthamanga, maso adzachita ng'ala, mafupa adzafewa. Mutha kuthyoka msana mutangonyamula thumba."

"Ine ndanyamulapo miyala pansi pa dziko."

"Ndamva, bambo. Kamodzi patsiku, m'mawa, mutadya."

Pobwerera minibasi inatitenga mpaka tinafika pa Manjawira. Pamenepo anauza munthu amene anakhala naye pafupi, osati ine, kuti madokotala a masiku ano amaumira mankhwala ngati amalima okha.

Mphamvu zija zinatsika n'kufika pa msinkhu wawo weniweni. Anali bwino, koma bwino wa munthu wokalamba: mawondo kuphwanya kukazizira, kupuma pakati pa mzere, kugona masana. Iwo ankati matenda abwerera. Ine ndinkaona kuti chabwerera ndi ukalamba basi, koma mtengwa sanena zotere.

Mankhwala ankasunga okha m'chitini cha tiyi kuchipinda kwawo, kumene ine sindilowa. Mwezi wina anandiuza kuti atha, tsiku lopita ku boma likadali kutali. Ndinaganiza kuti mwina anatipatsa operewera. Ndinasiya ntchito zanga, ndinakwera galimoto, ndinakhala pamzere m'mawa wonse, ndinachonderera pawindo, ndipo anandipatsa akundiyang'ana ngati wogulitsa mankhwala pamsika. Mwezi wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinagwada pakhonde.

"Bambo, kapena timapiritsi tina timagwa pansi?"

"Maso anga ndi abwino, mayi."

"Kapena timanyowa?"

"Chitini changa sichidontha."

Nkhani inathera pomwepo, chifukwa funso lachitatu likanakhala mwano.

Masana ena ndikusenda kachewere kunafika mayi wina wachikulire wa mudzi woyandikana nafe, mkazi wa mnzawo wa apongozi amene anali naye limodzi kumgodi. Mwamuna wakeyo ndinkamudziwa. Mawondo anamugwira kalekale, ankayenda ndi ndodo ziwiri. Mayiyo anakhala pamphasa, tinapatsana moni, kenako anaika thadzi lomangidwa miyendo patsogolo panga.

"Tabwera kudzathokoza," anatero. "Amuna anga aja tsopano akufika okha kutchalitchi."

"Kuthokoza chiyani, mayi?"

"Mankhwala aja. Madala anu akumawagawira. Ati amene amakatenga ku boma ndinu, ndiye ndati nkhukuyi ifike m'manja mwanu."

Ndinaika mpeni pansi n'kuyamba kufunsa modekha, ndipo mayiyo anafotokoza zonse mosangalala. Sanali mwamuna wake yekha. Panalinso mkulu wina wovutika msana, ndi wina wa mphumu. Amakumana pansi pa bulugamu kuseri kwa chigayo kusewera bawo, ndipo apongozi anga amafika ndi timapiritsi m'thumba la malaya n'kumagawa ngati mtedza wokazinga. Anandiuzanso zimene sindinafunse, zoti iwo eni tsiku la ntchito yolemetsa amamwa moonjeza, ndipo Lamulungu samwa n'komwe chifukwa salima.

Nkhuku ndinalandira. Kukana kukanafuna kuti ndifotokoze, ndipo ndikanayamba kufotokoza sindikanathera pa ulemu.

Madzulo ndinakwera pachulu pamene netiweki imagwira n'kuimbira amuna anga. Anayamba ndi kuseka.

"Madala ndi otero. Mungowanyengerera."

"Ndawanyengerera miyezi yonseyi. Yankhulani nawo inu."

"Ine ndili kutali. Ndikawauza pafoni aziti ndayamba kuwaphunzitsa nzeru."

"Nanga ine amene ndili pafupi ndiwauze bwanji, ndili chogwada?"

"Mupeza njira. Inu ndinu anzeru."

Mawu amenewa, oti ndine wanzeru, ndimawamva nthawi iliyonse munthu akafuna kundisenzetsa katundu wake.

Njira ndinaipezadi. Ulendo wotsatira nditachokera ku boma sindinapereke mankhwala. Ndinawasunga m'nyumba mwanga, m'mawa uliwonse n'kumaika kamodzi pambale, pambali pa phala. Masiku oyamba ankamwa osanena kanthu, ndipo ndinayamba kudziyamikira. Kenako kunatulukira alongo awo, azakhali a amuna anga, kuchokera ku Kasinje, atavala chitenje chatsopano ngati akupita kumlandu. Apongozi anali atawatumira uthenga. Azakhaliwo anandikhazika pansi n'kundiuza kuti alongo awo analera ana, anamanga nyumba ya malata anthu onse akugona m'zaudzu, ndipo sangapimiridwe mankhwala ngati khanda ndi munthu wobwera. Ndinafotokoza za bawo ndi za nkhuku. Anati kugawana ndi anzako si mlandu, ndi chikhristu. Ndinafotokoza zimene dokotala ananena. Anafunsa ngati dokotalayo ndi wokwatiwa. Ndinati sindidziwa. Anati n'zoonekeratu. Dzuwa lisanalowe mankhwala anali atabwerera m'chitini cha tiyi.

Mwezi umenewo timapiritsi titatha sanandiuze. Anadziwa kuti ndidzagwada pakhonde ndi mafunso anga aja, ndiye anangokhala chete, masiku n'kumapita osamwa kanthu. Ndinaona kuti akudya pang'ono, ndi kuti akukhalitsa padzuwa atafunda bulangeti, koma inali nyengo yozizira ndipo okalamba onse a m'mudzi anali atafunda.

M'mawa wina anatenga khasu kupita kudimba kukapalira kachewere. Mayi wa dimba loyandikana nalo ndi amene anawapeza, atagona chammbali mumzere, atasanza, akulephera kudzutsa mutu. Tinawanyamula pangolo mpaka pamsewu, kenako galimoto ya matola mpaka ku boma. Manja awo anali ozizira. Njira yonse anandigwira dzanja, osadziwa kuti ndi la mpongozi.

Anawaika diripi n'kuwabaya mankhwala a mtundu womwe uja kudzera mumtsempha. Pofika mawa lake anali atatsegula maso n'kufunsa ngati mbuzi zatsekulidwa. Dokotala wa pawodi, bambo wa magalasi, anandiitanira pakhonde. Anafotokoza kuti thupi la munthu limapanga lokha mankhwala ofanana ndi amenewa, koma munthu akamwa mapiritsi nthawi yaitali thupi limasiya kupanga n'kumadalira akunjawo. Ukasiya mwadzidzidzi, magazi amachepa mphamvu, ndipo munthu atha kufa. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Owasamalira ndinu?"

"Ndine."

"Ndiye munali kuti? Mankhwala awa si osiyira munthu wokalamba yekha."

Ndikanayambira pati, pa chitini, pa nkhuku, kapena pa azakhali a ku Kasinje? Ndinangoti, "Ndamva, adokotala."

Ndinabwerera m'wodi. Pansi anali atangokolopa kumene, ndipo pakati pa mabedi panalibe malo ogwada. Ndinaima kumapazi kwa bedi lawo.

"Bambo, ndiyankhule."

Anayang'ana kudenga. "Yankhulani, mayi."

"Ine ndatopa ndi kukalipidwa chifukwa cha inu. A kumankhwala anandikalipira kuti ndikubwera msanga. Azakhali anandikalipira kuti ndikukupimirani. Lero adokotala andikalipira kuti sindinakupimireni. Mwana wanu ali ku Joni, akuti ndine wanzeru. Ine nzeru zandithera. Ngati mankhwala abwereranso kuchipinda kwanu mundiuziretu lero, ndiitanitse abale anga adzanditenge, chifukwa sindikufuna kudzakutolaninso m'dimba."

Wodwala wa bedi loyandikana nalo anatembenukira kukhoma. Apongozi anayang'ana botolo la diripi.

"Mnzanga uja," anatero, "tinali limodzi tsiku limene denga la mgodi linagwa. Amene anandikoka ndi iyeyo, ndi mawondo omwewo. Ndiye ndizimuona akukwawa, ine mankhwala ali m'thumba?"

Nkhani imeneyi sindinaimvepo. Mkwiyo wanga unasowa poponda, koma sunachoke.

"Mukanandiuza, bambo. Tikanapita nawo kuchipatala."

"Wapitako zaka zonsezi. Amabwerako ndi mankhwala a mutu."



"Chitini chikhale kwa inu," anatero apongozi pomaliza. "Koma alongo anga musawauze."

Titatuluka m'chipatala ndinapita kwa mayi wa nkhuku uja. Ndinamuuza kuti timapiritsi tija sitibweranso, ndi kuti mwamuna wake akaonedwe ndi dokotala, akanene zonse zimene wakhala akumwa. Sanasangalale. Anafunsa ngati nkhuku ija inali yaing'ono. Nkhalambayo ndinaiperekeza ndekha ku boma, tsiku limene ndikanakhala ndikukumba kachewere wanga. Anaipatsa mankhwala ena a mawondo, othandiza ndithu koma osachita zodabwitsa ngati aja, ndipo ndodo ziwiri zija zinabwerera. Mpaka lero mkazi wake tikakumana kuchigayo amandipatsa moni wa pamwamba. Akulu ena awiri aja anayamba kunditchula kuti adokotala, ndipo sikunali kundilemekeza. Amuna anga atabwera pa Khirisimasi anapeza bambo awo ali bwino, n'kunena pamaso pa anthu kuti ankadziwa kuti zitheka. Azakhali nawo akabwera amati alongo awo anachira chifukwa iwo anabwera kudzakonza zinthu pakhomo pano. Ndimawaphikira tiyi.

Papita zaka zingapo tsopano. Matenda sanadzukenso, ngakhale kuti mapazi sanabwerere mwakale ndipo diso limodzi layamba kuchita chifunga. Pamudzi alipo amene amandifunsa kuti munthu wochira amamweranji mankhwala, ndipo ndinasiya kuyankha. M'mawa uliwonse ndimaika phala, kapiritsi pambali, n'kugwada pakhomo mpaka atameza. Amadziwa chimene ndikudikira, ndiye amachedwa dala. Aziziritse kaye phala. Afunse kaye ngati mitambo ya kumapiri ija ndi ya mvula. Afotokoze kaye mmene ankaphikira phala ophika a kumgodi. Ine madzi ali pamoto, ana achedwa kusukulu, mawondo anga ali pasimenti yozizira.

Ulendo wathu womaliza ku Blantyre dokotala uja anayeza magazi ndi mkodzo n'kunena kuti zonse zili bwino, moti tiyese kuchepetsanso, tifike pa theka la kapiritsi. Ndinatsinzina kudikira mkangano. Apongozi anangofunsa kuti wodula akhala ndani. Dokotala anati aliyense wa maso abwino. Iwo anati ntchito ya mpeni ndi ya mwamuna.

Ndiye m'mawa ndinayamba kubwera ndi kapiritsi kathunthu pamodzi ndi lezala. Amakaika pambale, amavala magalasi, amapima mbali iyi ndi iyo ngati akugawa munda, n'kudula. Sanadulepo pakati. Chidutswa chachikulu amameza, chaching'ono n'kundibwezera kuti ndisungire mawa. Mawa lake amachiyang'ana n'kunena kuti chimenechi chaperewera, mayi, tabweretsani kapiritsi kena tidule. Ndinaimbira dokotala. Anati ndizidula ndekha ndisanatuluke m'nyumba mwanga, ndipo lezala lisamafike pakhonde.

Dzulo ndinachita zomwezo. Ndinadula mosamala pawindo pamene pali kuwala, ndinaika theka limodzi pambale, ndinagwada. Anayang'ana theka lija nthawi yaitali, osaligwira. Kenako anafunsa kuti linzake lili kuti, akufuna ayerekeze.